Kachirombo N'komweko

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, chaka chimene banja la makolo anga linatsala pang'ono kutha chifukwa cha mawu ochepa amene dokotala wina anayankhula maso ali pakhomo, akuitana wodwala wotsatira. Sananame ayi, munthu wa Mulungu uja. Zimene ananena zinali zoona zokhazokha, ndipo n'zimene zimandidabwitsa mpaka lero.

Tinkakhala ku Area 3, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya bwana wina wachisilamu amene anali ndi sitolo ya malata ndi misomali m'tauni. Bambo anga, a Phiri, ankasamalira maluwa ndi kapinga pamenepo, ntchito ija munthu amatchedwa gadeniboyi ngakhale atamera imvi. Mayi anga, Nabanda, ankagulitsa tomato ndi anyezi mu Msika wa Lilongwe. Ana tinalipo awiri, ine Estere ndi mlongo wanga Yohane amene anali asanayambe sukulu. Tinalibe zambiri, koma madzi anali a pampopi, sukulu inali pafupi, ndipo adona ankatipatsa zovala zimene zawathina ana awo. Ndimathokozabe Mulungu chifukwa cha anthu aja.

Inu amene munakula mankhwala otalikitsa moyo atafala kale, mwina simungamve bwino zimene ndikunenazi. Masiku amenewo mawu akuti kachirombo anali ndi mwini wake mmodzi. Munthu akanong'ona kuti, "Ujeni ali nako," palibe ankafunsa kuti kachiyani. Maliro ankachita kutsatizana, okhoma mabokosi m'mbali mwa msewu osapuma. Anthu ankayang'anana m'khosi, m'tsitsi, m'milomo. Ukachepa thupi pang'ono, moni wa anzako ankatalika: "Muli bwanji? Koma muli bwinobwino ndithu?" Ngakhale ife ana tinkadziwa kuti pali matenda ena amene akuluakulu amayamba atsitsa mawu asanawatchule.

Bambo anadwala m'nyengo yotentha, mitengo ya jakaranda itayoyola maluwa ake m'misewu yonse ya Area 3. Poyamba ankangoti m'nthiti mukuwotcha ngati awathira phala lamoto, koma tikayang'anapo panalibe kanthu. Kenaka panatuluka matuza. Anayambira pamsana n'kuzungulira m'nthiti mpaka pachifuwa, mbali ya kumanzere yokha, ndipo atafika pakati anaima ngati wina wawalembera malire. Mayi atawavula bambo malaya n'kuona, sanafuule. Anangobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anagunda chitseko.

"Mashingozi," anatero.

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kumsika. Anthu ankati mashingozi ndi odi chabe, mwini wake ali m'mbuyo akubwera.

Tsono panali kankhani kena kamene kanali katayamba kale kutukusira m'nyumba mwathu. Loweruka lililonse masana, akaweruka kwa abwana, bambo ankapalasa njinga kupita ku Area 11 kukagwira ganyu ya m'maluwa kwa mayi wina wamasiye. Amuna a mayi ameneyo anali a m'boma, ndipo anthu ankati anamwalira atatha thupi. Bambo ankabwerako dzuwa likulowa, atasamba, akununkhira sopo amene kwathu kunalibe. Mayi sankanenapo kanthu mpaka tsiku limene Nachisale, mnzawo amene ankagulitsa pa benchi loyandikana nalo, anaitola nkhaniyo. Ine ndinali pansi pa benchilo, ndikusankha tomato wophwanyika.

"Nabanda, ine sindinanene kanthu," anatero Nachisale. "Koma maluwa a ku Area 11 ndi amwayi. Loweruka lililonse kuthiriridwa, osaphonya. Wothirirayo n'kubwerako atasambitsidwa."

"Amasamba okha. Amakhala agwira manyowa."

"Eee, ndi zomwezo, amwali. Manyowa."

Mayi anaseka nawo tsiku limenelo. Koma matuza atatuluka, kuseka kuja kunabwerera kudzawaluma.

Sanawafunse bambo mwachindunji. Mayi anga anali munthu wopemphera, choncho anakadzera kumwamba. Tisanadye madzulo tinkagwada tonse pamkeka, ndipo mapemphero awo anayamba kumera minga. "Atate, Inu amene muona zam'tseri, mukudziwa kumene njinga ya m'nyumba muno imaima Loweruka. Mukudziwa geti limene imalowa. Ife sitiona, koma Inu palibe mpanda ungakutchingeni. Ululani, Ambuye, ululani." Ameni wa bambo ankatuluka mochedwa, ngati akuchita kumukoka ndi chingwe. Kapu yawo inapatulidwa n'kuikidwa pawindo. Mbale yawo inkatsukidwa payokha, pomalizira. Mayi anasamukira pamkeka wathu, pakati pa ine ndi Yohane.

Kuchipatala bambo anakana. Ankati zitha zokha, koma ndikuganiza ankaopa kuti akakangokhala pamzere, wina wowadziwa awaona. Mayi anawerenga kukanako ngati umboni wina. Chilichonse masiku amenewo chinasanduka umboni. Bambo akakhala chete, ndiye kuti chikumbumtima chikuwadya. Akayankhula, ndiye kuti akuphimba. Atapempha adona kuti awapatseko masiku opuma, mayi anati, "Onani, mphamvu zayamba kutha."

Popeza mayi sankawakhudza bambo, ndine amene ndinkawapukuta pamsana pamene manja awo sankafika. Ndinkaviika kansalu m'madzi ofunda a mchere n'kumagunditsa pang'onopang'ono. Matuza ena ankaphulika, madzi ake n'kundiyenderera m'zala. Bambo ankaluma mano, kenaka n'kunena kuti, "Zikomo, mayi wanga." Yohane naye sankamva zoti atalikire. Ankangowakwera pamiyendo monga mwa masiku onse.

Patapita timasabata, matuza a bambo atayamba kuuma, ine ndinadzuka mutu ukuwawa, thupi lili moto. M'mawa mwake ndinali ndi timatuza pamimba, kumaso, mpaka m'mutu, toyabwa zosasimbika. Posakhalitsa Yohane nayenso anatuluka. Mayi anamubereka, ine n'kundigwira dzanja, ulendo wa kuchipatala chaching'ono cha m'tauni.

Mzere unali wautali mpaka pansi pa mtengo wa mango. Titalowa tinapeza dokotala wachinyamata, thukuta lili kamukamu, anthu akusuzumira pakhomo kuti aone ngati tikutuluka. Anandikweza diresi, anamuyang'ana Yohane kumsana.

"Katsabola uyu. Kunyumba alipo wina akudwala?"

Mayi anayang'ana pansi. "Bambo awo. Ali ndi mashingozi."

"Aa, basi. Kachirombo kake n'komweko. Atengera kwa bambo awowo."

Mayi anandifinya dzanja.

"Nanga mankhwala ake, adokotala?"

"Opha kachiromboka tilibe, mayi. Thupi likatentha muziwapatsa panado, muziwapaka awa oyerawa, asamakande. Wotsatira!"

Tinatuluka. Kumzikiti ankaitanira mapemphero a masana, maminibasi akulizirana mahutala, ogulitsa chinangwa akutiitana, koma mayi ankayenda ngati munthu amene makutu ake atsekeka. Tisanawoloke mlatho anaima pa kagolosale kena. Anagula fanta ziwiri ndi mabanzi awiri, natikhazika pakhonde.

Abale anga, mayi anga sankagula fanta. Fanta kwathu inali ya pa Khirisimasi, botolo limodzi kugawana. Tsiku limenelo aliyense anali ndi lake. Iwo sanagule chawo. Anangokhala pansi n'kumatiyang'ana, misozi ikutsikira m'chibwano osaipukuta. Yohane anamwa mpaka kubyola, nafunsa kuti, "Amayi, mawa tidzadwalenso?" Ine fanta yanga ndinangoigwira osamwa. Ndinali nditaonapo anthu akupita kukazonda matenda atanyamula fanta, ndipo ndinkadziwa kuti wodwala amene amamugulira chilichonse osapempha ndi uja amene anthu amutaya kale mumtima.

Tinawapeza bambo akuthirira kapinga ndi payipi, atangodziponyera kansalu paphewa chifukwa malaya ankawapweteka.

"Zayenda bwanji kuchipatala?"

"Bambo a Estere, tsekani madziwo."

"Ndangotsala pang'ono apa..."

"Mwandiphera ana."

Payipi inagwa pansi n'kumadzithirira yokha.

"Adokotala anena ndi pakamwa pawo, Estere apa wamva. Kachirombo kali mwa inuko ndi kamene kali mwa anawa, ndipo mankhwala kulibe. Mukanapha ine ndekha, ine ndinavomera ndekha kukwatiwa nanu. Koma Yohane analakwanji?"

"Nabanda, pamaso pa Mulungu, ine sindinadziwepo mkazi wina."

"Mulungu musiyeni. Maliro amuchulukira kale."

Bambo anatembenukira kwa ine. "Estere, ananenadi choncho?"

Ndinavomera ndi mutu, chifukwa ananenadi choncho. Ndinaona nkhope ya bambo ikusintha. Sinali nkhope ya munthu wogwidwa. Inali ya munthu amene akufufuza m'moyo wake wonse kuti aone pamene chinthu chinalowera, jakisoni uti, lezala la kometera kuti, osapeza.

Mayi analowa m'nyumba n'kuyala chitenje pansi. Anaikamo zovala zathu, mapoto awiri, Baibulo lawo ndi yunifolomu yanga, kenaka yunifolomuyo anaitulutsanso n'kuiponya pampando. Anati m'mawa tikwera basi ya kwawo ku Nathenje, ana awo akafere m'manja mwa abale awo, ndipo ankhoswe adzabwera pambuyo kudzamaliza zotsala. Ine ndinakhala pakona ndikudzikanda. Sindikudziwa chimene ndinkaopa kwambiri, kufa kapena kuwasiya bambo okha ndi msana umene manja awo sankafika.

Bambo anakhala pa njerwa pakhomo nthawi yaitali. Kenaka anayankhula osalowa.

"Mupite, sindikukanizani. Koma depoti ndi chipatala n'zoyandikana. Tidzere konko, akanenenso ine ndikumva."

"Kuti mukatsinzinirane diso ndi mwamuna mnzanu? Amuna mumabisirana inu."

"Ndiye mukafunse amene mukumufuna."

"Ndikafunsa munthu wamkazi. Inu mukakhala panja."

"Ndikakhala panja."

M'mawa tinanyamuka tonse, mayi patsogolo mtolo uli pamutu, Yohane kumsana, ine pakati nditayera mbuu ndi mankhwala opaka aja, bambo m'mbuyo atavala malaya osamanga mabatani. Aliyense wotiona akanadziwa kuti banja ili silikupita kumodzi.

Mulungu ali ndi njira zake. Titangokhala pa benchi pachipatala paja, anesi ena achikulire, a magalasi omangirira ndi chingwe, anatiwona n'kukuwa.

"Iii, mayi inu! Ana a katsabola pakati pa amayi oyembekezera? Mukufuna mundipatse ntchito? Tiyeni kuseri, msanga!"

Anatipititsa pakhonde la kuseri kumene kunalibe anthu. Bambo anatsala pansi pa mango monga analonjezera. Mayi anatula mtolo, nayamba kufotokoza monong'ona, ndipo atafika pa mawu a dokotala uja analephera kumaliza.

Anesi anavula magalasi. "Anakuuzani kuti kachirombo kati?"

Mayi anawayang'ana. "Kodi kaliponso kena?"

Anesi aja sanaseke, ndipo ndimawadalitsa chifukwa cha chimenecho. Anakoka mpando n'kukhala. Anati tizirombo ta mtundu umenewu tilipo tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi dzina lake, khomo lake lolowera ndi ntchito yake. Ka chimfine kamalowera m'mphuno. Ka chikuku kamayenda ndi mpweya. Ka chiwewe kamadikira galu alume. Ka poliyo kamadzera m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa. Kamene mayi ankakaopako kamadzera m'magazi ndi pogonana, kapena mwana kutengera kwa mayi ake pobadwa ndi poyamwa, osati m'kapu kapena m'mbale. Ndipo ka katsabola ndi kenanso, kosiyana ndi tonseto. Tonse ndi tating'ono kwambiri moti ngakhale makina aja oyezera malungo satitha kutiona.

"Ngati simutiona, mukudziwa bwanji kuti aka ndi aka?" anafunsa mayi. Mawu awo anali ngati a munthu amene akukayikira sikelo ya wogulitsa nyemba.

"Timadziwa ndi ntchito zake. Mumawaona atelala aja a m'makonde a sitolo? Aliyense ali ndi makina ake, ulusi wake, nsalu yake. Thupi lathuli ladzaza ndi atelala otero, ang'onoang'ono osawerengeka, aliyense akusoka zofunika m'thupi. Tsono kachirombo kalibe makina, kalibe ulusi. Pakokha sikangathe n'kuberekana komwe. Kamangobwera ndi sitayilo yake. Kakalowa mwa telala mmodzi kamamulamula kuti, siya zonse, soka ine. Telala uja amasoka tizirombo, tizirombo, mpaka malo kutha, n'kuphulika. Totulukato timakalowa mwa atelala oyandikana nawo. Matuza mukuwaona pa mwanayu ndi pamene paphulika, ndipo madzi akewo ndi odzaza ndi tizirombo. Ndani ankawapukuta bambowo?"

Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi.

"Ndi zimenezotu."

Anafotokozanso kuti kutentha thupi ndi nkhondo, asilikali a m'thupi akulimbana ndi mdaniyo, ndipo mwa ana ngati ife asilikaliwo amapambana okha. N'chifukwa chake dokotala anati mankhwala opha kachiromboka alibe. Sanatanthauze kuti tifa. Anatanthauza kuti thupi limaliza lokha ntchitoyo. Makapisozi amene anthu amagula mumsika, anatero anesi, amapha tizirombo ta mtundu wina timene timadzidyera tokha kunja. Aka kamakhala m'kati mwa telala, makapisozi sakapeza.

Mayi anamvetsera zonse, koma nkhope yawo sinamasuke.

"Chabwino, anawa atengera kwa bambo awo. Nanga bambo awowo anakatenga kuti? Katsabola ndi matenda a ana. Munthu wa imvi wakamutola kuti?"

"Sanamutole chaka chino. Aitaneni."

"Ayi, muyambe mwandiuza ine."

Anesi anapumira m'mwamba, koma anawauza. Anati munthu akachira katsabola, kachirombo kake sikachoka konse. Kena kamathawira m'mitsempha ya pafupi ndi fupa la msana n'kukagona kumeneko, asilikali akukalondera. Kamatha kugona kuyambira munthu ali mwana mpaka atakhala ndi zidzukulu. Tsiku limene asilikali afooka, kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi womwewo mpaka kukatulukira pakhungu. N'chifukwa chake mashingozi amagwira mbali imodzi n'kuima pakati, ndipo n'chifukwa chake amawotcha chotero, popeza akuyenda mu mtsempha weniweniwo. Mwana amene sanadwalepo katsabola akakhudza madzi a matuzawo, sadwala mashingozi, amadwala katsabola.

"Zaka zonsezi kali phee? Osadya?"

"Sikadya. Kamangodikira."

"Ine ndakhala naye munthuyu kuyambira ndili mtsikana. Bwanji ine sindinadwale?"

"Munadwalapo katsabola muli mwana?"

Mayi anavomera kuti anadwalapo, chaka china kumudzi ana onse atagona.

"Ndiye asilikali anu akumudziwa kale mdaniyu. Komanso dziwani kuti inunso muli nako, kakugona."

Mayi anadzigwira m'nthiti. Ndinawaona ndi maso angawa.

Ndinatumidwa kukaitana bambo. Anesi sanawapatse mpata woti amve zimene zakambidwa. Anangowafunsa ngati anadwalapo katsabola. Bambo anaganiza pang'ono, kenaka analoza kachipsera kozama kamene kanali pamwamba pa nsidze yawo. Anati amayi awo ankawauza kuti pamenepo anakanda ali wamng'ono, ku Dedza, asanayambe n'kuweta mbuzi komwe.

"Munandiuza kuti unali mwala," anatero mayi.

"Wa mwala ndi uwu wa kuno," anayankha bambo, akuloza pachibwano.

Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha, tinyamule mtolo tizipita kwathu. Koma mayi anali asanamalize. Anawayang'ana anesi m'maso.

"Mwati kamadzuka asilikali akafooka. Chawafooketsa n'chiyani?"

Pamenepo anesi anavalanso magalasi. Anati sanganame, funsolo ndi loona. Asilikali amafooka ndi ukalamba, kutopa, nkhawa, kusadya bwino, matenda ena, ndipo nthawi zina popanda chifukwa chooneka. Komanso amafooka ndi kachirombo kaja mayi ankakaopa, ndipo n'chifukwa chake anthu amagwirizanitsa ziwirizi. Kuyang'ana matuza sikungauze munthu chilichonse. Chimene chingayankhe ndi magazi okha.

Yohane ankangosewera ndi mfundo ya mtolo.

Bambo anapinda mkono wa malaya. "Tengani. Mutenge wambiri, aone bwino."

"Onse awiri," anatero anesi. "Pano sitiyeza munthu mmodzi wina ataima pambali ngati woweruza."

Analowa onse m'kachipinda kena, ife n'kutsala pakhonde ndi mtolo. Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Ndinapemphera pemphero lokhalo limene ndinkalidziwa pamtima, kulibwereza mpaka mawu ake anasokonekera. Ndinkayang'ana mtolo uja n'kumaganiza kuti chitseko chikatseguka, ukwera pamutu pa mayi kupita kudepoti, kapena ubwerera ku Area 3.

Anatuluka mayi poyamba, maso ofiira. Bambo pambuyo, atapinda mkono pa kathonje. Mayi anawerama kuti asenze mtolo, koma bambo anafika msanga n'kuunyamula ndi dzanja la kumanja, mbali yosapweteka. Pageti la chipatala sanakhotere kudepoti. Ndi mmene ndinadziwira.

"Onse awiri alibe," anandinong'oneza anesi pondidutsa. "Iwe usamakande kumaso, udzasowa wokufunsira."

Tinachira monga ananenera. Timatuza tinauma n'kuyoyoka, ndipo ndinabwerera kusukulu nditatsala ndi timadontho takuda. Bambo ndiwo anavutika nthawi yaitali. Khungu linapola, koma moto wa mu mtsempha unakhalabe mpaka mvula itagwa, moti ngakhale mphepo ikawakhudza ankadzidzimuka. Kapu inatsika pawindo. Mayi anatenga ntchito yanga ija, ndipo anawasokera kamalaya kofewa kuchokera ku chitenje chakale chimene chinali chitachapidwa mpaka kutha ukali. Mawu akuti pepani sindinawamve. Mwina ananenedwa ife kulibe. Bambo nawo sanaikumbutsepo nkhaniyo, koma panapita nthawi asanayambenso kuseka ndi mtima wonse. Ku Area 11 anapitabe mpaka mayi wamasiye uja anasamuka, ndipo Loweruka lililonse mayi ankakhala ochepa mawu mpaka atamva belu la njinga pageti.

Anakhala limodzi mpaka bambo anatisiya ali nkhalamba, atawaona ana anga onse. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekera Sitandade 8, koma zimene ndinamva pakhonde lija zandithandiza kulera ana kuposa zambiri za m'kalasi. Wachipatala akandiuza kuti mwana ali ndi kachirombo, sindituluka ndisanafunse dzina lake, kumene kamalowera, ndi chimene ndiyembekezere. Ena amatopa nane. Ndimawapepesa, koma ndimafunsabe.

Chaka chathachi mwana wanga wotsiriza anadwala katsabola, ndipo mayi anabwera kudzandithandiza. Akalamba tsopano, maso akuchita mdima. Tsiku lina masana tinakhala pakhonde tikusadzula nkhwani, mwana atagona m'nyumba. Tinkakamba za mitengo ya zinthu, za maondo awo. Mwadzidzidzi anaima, tsamba lili m'manja.

"Koma Estere, iwe unali ndi maso. Ku Area 11 kuja kunalibedi kanthu?"

Ndinadabwa. Bambo anali atagona m'manda zaka zingapo.

"Amayi, magazi aja anayezedwa."

"Magazi ndi magazi. Ine ndikufunsa zina."

Ndinafuna kuwayankha mwamphamvu kuti kunalibe, chifukwa mumtima mwanga ndimakhulupirira choncho. Koma ndinali mwana, ndipo ku Area 11 sindinapondeko.

"Sindikudziwa, amayi."

Anagwedeza mutu, napitiriza kusadzula.

"Inenso sindikudziwa," anatero. "Koma ndinakhala."

Kwa zaka zonsezi ndinkaganiza kuti banja lathu linapulumutsidwa ndi anesi aja ndi kadontho ka magazi, ndipo n'zoona, Mulungu anawagwiritsa ntchito. Koma tsiku limenelo ndinamvetsa kuti chipatala chinayankha funso limodzi lokha, lija lili ndi dzina ndi choyezera. Linalo mayi analinyamula okha moyo wawo wonse, popanda nesi wowakhazika pansi, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka n'kuwaphikira bambo tiyi. Kale ndinkawaweruza mumtima chifukwa cha kapu ija ya pawindo. Tsopano ndikagwada ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mayi amene ankakayikira chotero, koma anabwerera nafe ku Area 3.